Magiredi Akatsika: Kuthandiza Mwana Wofuna Masters ya Social Work

Amayi anzanga a m'Chigwirizano, phunziro la mwezi uno likukhudza nyumba zambiri kuposa mmene tingaganizire. M'makomboni athu a mu Lusaka, ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, tsopano muli ana ambiri amene anavala mkanjo ndi chisoti cha kuyunivesite. Tinaimba nthungululu, tinaphika mpunga ndi nkhuku, zithunzi tinapachika pakhoma. Koma pali pepala lina limene ana ena sanationetse. Ndi lija losonyeza magiredi a phunziro lililonse kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, limene eni ake amati transcript. Pepala limeneli limatuluka m'chikwama tsiku limene mwana waganiza zopitiriza maphunziro, ndipo ena akaliyang'ana amalibweza momwemo, n'kunena kuti, "Amama, ine basi, sanganditenge."

Tikambirana makamaka za amene akufuna digiri yachiwiri, imene amati Masters, m'maphunziro a social work, ndiwo maphunziro a ntchito yothandiza ana, mabanja, odwala, okalamba ndi olumala pa mavuto awo. Atsikana athu ambiri amakonda maphunziro amenewa, ndipo n'zosadabwitsa. Anakula akutiona tikupita kukazonda odwala, tikugona pamaliro, tikusonkha ufa wa amasiye, mtima umenewo anachita kuyamwira. Komanso pakati pathu pomwe pali aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mabungwe amene anatenga digiri kalekale ali ndi mwana kumsana, giredi n'kutuluka yotsika, ndipo lero akulakalaka kubwerera kusukulu. Phunziroli ndi lawonso.

Giredi imene inalembedwa kuyunivesite singasinthike. Madzi akatayika saoleka. Koma si pepala lokhalo limene osankha ophunzira amaika patebulo. Mapepala enawo munthu angathe kuwakonza, ndipo ena mwa iwo ali m'manja mwathu ife amayi, ngakhale sitidziwa.

Ntchito imene ikukula

Social work si yachilendo m'dziko lathu. Sukulu ya Oppenheimer College of Social Service inatsegulidwa mu Lusaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dziko lisanalandire ufulu, ndipo pamene University of Zambia inayamba kuphunzitsa mu 1966, inayambira m'nyumba za sukulu imeneyo ku Ridgeway. Lero maphunzirowa amapezekanso ku Mulungushi University ku Kabwe, ku DMI-St. Eugene University ndi m'masukulu ena. Omaliza amagwira ntchito m'maofesi a Social Welfare, m'zipatala monga UTH ndi Chainama, m'makhoti a ana ndi m'mabungwe omwe si a boma.

Kwa zaka zambiri aliyense wa mtima wachifundo ankatha kudzitcha social worker. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Social Workers' Association of Zambia, limene likufuna kuti ogwira ntchitoyi azilembetsa ku bungwelo. Chaka chomwecho kunabwera lamulo lalikulu la ana, Children's Code Act, limene linaonjezera ntchito ya oyang'anira za ana. Motero mapepala tsopano akufunsidwa kwambiri kuposa kale, ndipo n'chifukwa chake ana athu akuthamangira Masters.

Kodi giredi yotsika ndi iti?

Ku UNZA digiri imatuluka pa masitepe anayi: pamwamba pali Distinction, kenako Merit, kenako Credit, ndipo pansi pali Pass. Masukulu ena amagwiritsa ntchito nambala imene amati GPA, koma tanthauzo lake ndi limodzimodzi. Pa zolengeza za Masters nthawi zambiri amalemba kuti akufuna digiri ya Credit kapena kuposa apo. Choncho tikamanena za giredi yotsika, kawirikawiri tikunena Pass.

Apa mwana aphunzire kuwerenga cholengeza mpaka pansi. Ambiri amawerenga mzere woyamba wokha, mtima n'kugwa, foni n'kuika pambali. Chonsecho masukulu ena amaonjezera mzere wina m'munsi wonena kuti munthu wa Pass angaganiziridwe ngati wagwirapo ntchito yogwirizana ndi maphunzirowo. Malamulo amenewa amasiyana sukulu ndi sukulu, ndiponso amasintha. Mwana apite yekha ku dipatimenti, aonane ndi amene amayendetsa maphunziro a Masters, atenge transcript yake m'manja, afunse poyera kuti, "Ndi magiredi awa, ndichite chiyani kuti mudzandiganizire?" Safunsa anadya phula. Wa ku Kalingalinga alibe ndi chonamizira chomwe, popeza yunivesite ili pakhomo pake, ngakhale ndalama ya minibasi safuna.

Pali giredi imodzi yokha imene ingakonzedwe, ndipo ife aphunzitsi a kusekondale timaiona ikugwetsa anthu akuluakulu. Masukulu ambiri pofunsira Masters amafunanso satifiketi ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu, Chingerezi chikhale pomwepo. Pa mayeso a Examinations Council of Zambia, nambala 1 mpaka 6 ndiyo imawerengedwa kuti kirediti kapena kuposa. 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe. Amayi ena analowa kuyunivesite kudzera pa dipuloma zaka zakale, ndipo ali ndi makirediti anayi okha. Ameneyo alembetse mayeso a GCE, alembenso phunziro limene likusowalo. Palibe manyazi kukhala m'chipinda chimodzi ndi ana ang'onoang'ono kwa masiku ochepa. Chopweteka ndi kubwezedwa pa windo fomu yonse utadzaza kale.

Chifukwa chake magiredi anatsika

Tisafulumire kunena kuti mwana anali waulesi. Taganizirani amene anali kuyunivesite pakati pa 2019 ndi 2022. Mu 2019 boma linachotsa ndalama ya chakudya imene ophunzira a m'mayunivesite a boma ankalandira, ndipo inabwereranso mu 2023. Pa 20 Malichi 2020 masukulu onse anatsekedwa chifukwa cha COVID-19, maphunziro n'kusamukira pa intaneti. Mwana wa ku George amene ankagona chipinda chimodzi ndi azing'ono ake anayi, wopanda kompyuta, mabandulo ogula a tsiku limodzi, anayenera kupikisana ndi mnzake wokhala ndi chipinda chakechake ndi jenereta. Amene anabwera pambuyo pawo anakumana ndi kuzima kwa malaiti kwa mu 2024, madzi atatsika ku Kariba, pamene m'makomboni malaiti ankapita kuposa theka la tsiku. Onjezerani apo maliro, mimba, kudwazika kholo, kugulitsa salaula kuti fizi ikwane, ndi kukwera minibasi ziwiri m'mawa uliwonse kuchokera ku Kanyama madzi atasefukira m'njira.

Komabe tisanamizane. Alipo ena amene anangosewera chaka choyamba ndi chachiwiri, ufulu utawazunguza mutu. Aliponso ena amene sanasewere, sanavutikenso, koma maphunziro a m'mabuku amawalemera. Mayi ayenera kudziwa kuti mwana wake ali m'gulu liti, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Wovutika amafunika kufotokoza. Wosewera amafunika kuonetsa kuti anakula. Wachitatuyu amafunika kufunsidwa mwachikondi ngati Masters, imene ndi kuwerenga ndi kulemba kokhakokha, ndiyo njira yake.

Yankho lake lili mu transcript momwemo. Khalani naye pansi, aitulutse, muiwerenge chaka ndi chaka, ndipo ngati simuitha, itanani mphunzitsi wa mumpingo. Musayang'ane giredi yomaliza yokha. Onani ngati magiredi anayamba motsika n'kumakwera, chifukwa osankha amakonda zimenezo kuposa amene anayamba bwino n'kumatsetsereka. Onani ngati pali chaka chimodzi chokha chimene zonse zinagwa, ndipo kumbukirani chimene chinachitika pakhomo chaka chimenecho. Onani giredi ya nthawi imene anatumizidwa kukaphunzira ntchito kuchipatala kapena ku Social Welfare, imene amati attachment. Ambiri a Pass amakhala kuti apa anachita bwino kwambiri, ndipo pa social work imeneyi ndi giredi yolemera. Pomaliza onani maphunziro a kafukufuku ndi a ziwerengero. Masters imatha ndi kulemba buku la kafukufuku, motero osankha amayang'anitsitsa apa. Ngati ndi pomwe panagwa, mwana afune kosi yaifupi ya kafukufuku pa sukulu yovomerezeka, akhoze bwino, satifiketi yake aiphatikize.

Ntchito yosalembedwa

Tsopano tifike pamene pali mbali yathu. Chimene chimaimirira m'malo mwa giredi yotsika ndi ntchito, koma ntchito yokhala ndi umboni. Vuto lathu m'makomboni si kusowa kwa ntchito yothandiza anthu. Vuto ndi lakuti sitilemba.

Kumbukirani zaka zija za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa kwaulere. Amayi a m'mipingo yosiyanasiyana anasambitsa odwala, anaphika phala, anatseka maso a omwalira, anagawana ana amasiye. Ndi angati mwa iwo amene ali ndi kalata yosonyeza zaka zimene anagwira? Pa kolera wa 2017 mpaka 2018, amene anavuta kwambiri ku Kanyama ndi ku Chipata komboni, ndiponso pa wa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala, achinyamata athu anayenda khomo ndi khomo kugawa klorini ndi kuphunzitsa za madzi. Mliri utatha anabwerera kunyumba ndi sikipa yokha. Lero akamadzaza fomu, pa malo ofunsa za ntchito imene anagwirapo amalemba kuti palibe.

Mwana amene ali ndi Pass ndipo sanapeze ntchito yolipidwa asakhale pakhomo kudikira. Malo odzipereka alipo pafupi. M'makomboni muli makomiti a CWAC amene amathandiza a Social Welfare kupeza mabanja oyenera kulandira Social Cash Transfer, thandizo la ndalama lija linayambira ku Kalomo mu 2003. Pa makiliniki pali makomiti a zaumoyo a m'dera. Zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama zinakwezedwa, ndipo zimalandira anthu a mavuto osiyanasiyana. Pali masukulu a m'madera oyendetsedwa ndi makolo, pali YWCA imene imathandiza amayi ochitidwa nkhanza, pali nyumba zosunga ana. Apite ndi kalata yopempha, avomere kuyamba ndi ntchito yaing'ono, ndipo tsiku loyamba lomwe afunse kuti adzamuyang'anira ndani. Chaka chimodzi kapena ziwiri pa malo amodzi n'zolemera kuposa milungu iwiriiwiri pa malo khumi.

Agule kabuku ka chikuto cholimba. Tsiku lililonse alembe deti, malo, maola, chimene anachita ndi chimene anaphunzira. Koma asalembe maina a anthu amene akuwathandiza, kapena nambala ya nyumba, kapena china chilichonse chowaulula. Kusunga chinsinsi ndi lamulo loyamba la ntchito imeneyi, ndipo kabuku kangathe kutayika m'minibasi. Asajambulenso ana amasiye n'kuwaika pa Facebook kuti anthu aone chifundo chake. Osankha ena amayang'ana kumeneko, ndipo kwa munthu wodziwa ntchitoyi chithunzi chotero ndi umboni wakuti mwanayo sanaimvetse.

Pali kusiyana pakati pa kugawa ndi social work, ndipo kabukuka kayenera kuonetsa kuti mwana akukudziwa. Tiyerekeze agogo a ku Chawama amene akulera adzukulu anayi, ndipo mmodzi wa zaka 11 sapita kusukulu. Wogawa adzabweretsa yunifolomu ndi makope, n'kujambulitsa, n'kupita. Social worker adzayamba ndi funso: sukulu ndi yaulere kuyambira 2022, nanga mwanayu akukhaliranji pakhomo? Mwina ndiye amagulitsa vitumbuwa kuti banja lidye. Mwina samva bwino, ndipo m'kalasi yodzaza amangokhala. Mwina pali mwamuna wina panjira amene amamuopa. Yankho lililonse lili ndi khomo lakelake logogoda: ofesi ya Social Welfare, kiliniki, mphunzitsi wamkulu, apolisi a Victim Support Unit, kapena nambala ya foni yothandiza ana ya 116. Akatha kutumiza nkhaniyo adzabweranso patatha mwezi kudzaona ngati mwanayo alidi m'kalasi. Munthu wa Pass amene angafotokoze nkhani yotere bwinobwino pamaso pa osankha amamveka kuposa wa Merit amene sanalowepo m'nyumba ya munthu wovutika.

Ife a Chigwirizano tili ndi ntchito ngati zimenezi mlungu ndi mlungu, ndipo atsikana athu ophunzira amatiperekeza. M'buku la Machitidwe, Dorika atamwalira ku Yopa, amasiye sanangonena kuti anali munthu wabwino, anatulutsa zovala zimene anasoka, Petro n'kuziona ndi maso. Kalata yathu ya umboni izikhala yotero. Makalata ambiri a kumpingo amati mwanayu ndi wa makhalidwe abwino, amaimba kwaya, makolo ake timawadziwa. Zonsezo ndi zoona, koma sizithandiza pa tebulo la osankha. Kalata yothandiza imanena kuti kwa miyezi 18 mtsikanayu ankayendera mabanja 12 a okalamba kawiri pa mwezi, ankalemba lipoti kwa komiti, anathandiza mabanja atatu kukalembetsa ku Social Welfare, ndipo ankayang'aniridwa ndi mayi wakutiwakuti amene nambala yake ya foni ndi iyi. Ikhale ndi deti, chidindo cha mpingo ndi siginecha ya abusa. Kuti kalata yotere ilembedwe moona, mlembi wa Chigwirizano ayenera kukhala ndi buku la maulendo, lolembedwa tsiku lomwelo, osati kudzakumbukira patapita zaka ziwiri. Ndipo tisalembe chimene sichinachitike, ngakhale mwanayo akhale wa amayi a mpando. Kalata imodzi yabodza ikagwidwa, makalata onse otuluka pa mpingo umenewo amasanduka mapepala okulungira tomato.

Kalata yodzifotokoza

Masukulu ambiri amafuna kuti wofunsira malo alembe kalata yonena chifukwa chake akufuna maphunzirowo, ndipo ena amafunanso pepala lalifupi la kafukufuku amene akufuna kudzachita. Pa nkhani ya magiredi ana athu amalakwa mbali ziwiri. Ena amakhala chete, ngati osankha sadzaona transcript. Ena amadzaza masamba awiri ndi madandaulo, kuyambira tsiku limene anabadwa.

Ziganizo zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Kalatayo idzalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yake ikhale yonga iyi: m'chaka changa chachiwiri bambo anadwala nthawi yaitali, ndinkawadwazika uku ndikugulitsa pamsika, ndipo magiredi anga anatsika monga mukuonera, m'chaka chachinayi anakwera, ndipo pa attachment ndinachita bwino, kuchokera pamenepo ndagwira ntchito yakutiyakuti kwa zaka ziwiri. Basi. Amene anangosewera anene mwachidule kuti zaka zoyamba sanaikepo mtima, kenako aonetse chimene chasintha. Asapeke maliro amene sanachitike. Asaloze chala mphunzitsi kuti ankamuda, popeza owerenga kalatayo ndi aphunzitsi anzake. Asatchule za kulodzedwa. Asapemphenso chifundo, chifukwa osankha safuna kudziwa amene wavutika kwambiri, akufuna kudziwa amene adzamalize.

Mbali yaikulu ya kalata ikhale ya ntchito imene wagwira ndi funso limene akufuna kufufuza. Funsolo likhale laling'ono, lotheka kuyenda wapansi. "Umphawi m'Zambia" si mutu wa kafukufuku, ndi nyanja. Koma kufufuza mmene mabanja a ku Kanyama anasamalira ana pamene kutsegulira masukulu kunachedwa mpaka Febuluwale 2024 chifukwa cha kolera, kapena chimene chimaletsa atsikana a ku Mtendere kubwerera kusukulu atabereka, chikhalirecho lamulo lowalola kubwerera lilipo kuyambira 1997, imeneyo ndi mitu yoti mphunzitsi angakondwe kuiyang'anira. Apa mwana wa m'komboni ali ndi mwayi umene ena alibe: akudziwa njira, akudziwa chilankhulo, ndipo anthu adzamutsegulira chitseko. Awerengenso malamulo okhudza ntchitoyi, monga loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011, la ana la 2022, ndi kusintha kwa lamulo la ukwati kwa mu 2023 kumene kunaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo.

Kalatayi alembe yekha. Masiku ano pali mapulogalamu a pa foni amene amalemba kalata yonse m'kamphindi, ndipo pali anyamata m'tauni amene amagulitsa makalata okonzeratu. Ife amene timachonga zolemba za ana timazindikira msanga Chingerezi chobwereka: n'chosalala, koma mulibe munthu m'katimo. Alembe, apatse mphunzitsi akonze galamala, koma nkhani ikhale yake.

Adzafunikanso anthu awiri kapena atatu omuchitira umboni, ndipo mmodzi ayenera kukhala mphunzitsi wake wa kuyunivesite. Apa mpamene a Pass amaopa kwambiri, poganiza kuti palibe amene akuwakumbukira. Asankhe amene anamuphunzitsa phunziro limene anakhoza bwino, kapena amene anamuyendera pa attachment. Apite msanga, osati kutatsala masiku awiri, atenge transcript, mbiri ya ntchito yake ndi kalata yake ija, kuti mphunzitsiyo akhale ndi poyambira. Apite nthawi ya ntchito, ku ofesi. Tiwauze ana athu aakazi mosabisa kuti aliyense wonena kuti akumane kumalo ogona alendo kuti akambirane za malo a sukulu, kapena wopempha ndalama ya m'thumba, sakumuthandiza. Malipiro a fomu amaperekedwa ku akaunti ya sukulu, ndipo pamakhala lisiti.

Njira zolambalala, zabwino ndi zoipa

Pakati pa digiri yoyamba ndi Masters pali sitepe ina imene amati postgraduate diploma, ya chaka chimodzi nthawi zambiri. Kulowa kwake kumakhala kofewerapo, ndipo amene wakhoza bwino amakhala ndi magiredi atsopano oonetsa. Koma asanalipire afunse ku sukulu imene akufuna kudzachitako Masters ngati adzaiwerengera. Afunsire malo m'masukulu awiri kapena atatu, osati imodzi. Kwa amayi apantchito pali maphunziro amadzulo ndi ophunzira uli kwanu.

Tsono pali masukulu ena amene safunsa n'komwe za magiredi, amangofuna ndalama ya teremu yoyamba. Zikwangwani zawo n'zokongola, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la Higher Education Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, limatulutsa mndandanda wa masukulu olembetsedwa ndi maphunziro ovomerezeka. Onani zinthu ziwiri: dzina la sukulu, ndiponso dzina la maphunziro enieniwo, chifukwa sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa koma Masters yake ya social work isanavomerezedwe. Olemba ntchito ambiri tsopano amafuna kuti mapepala atsimikizidwe ndi Zambia Qualifications Authority, ndipo kumeneko ndi kumene zaka ziwiri ndi ndalama zonse zimakathera m'madzi.

Za kusintha magiredi pa kompyuta sindinena zambiri. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 okhala ndi mapepala achinyengo, ena atagwira ntchito zaka zambiri. Pass ndi digiri yeniyeni, ya thukuta la mwana wanu. Credit yopeka ndi mlandu wa kupolisi.

Ena amalota za kunja. Thandizo la maphunziro la ku Britain, monga Chevening ndi Commonwealth, kawirikawiri limafuna digiri ya giredi yapamwamba, ndipo Chevening imafunanso maola 2,800 a ntchito, ndiko kuti pafupifupi zaka ziwiri. Ku America masukulu ambiri a social work amafuna GPA ya 3.0 pa 4.0, ngakhale ena amalandira munthu mongomuyesa kaye. Ku South Africa mapepala amayamba apimidwa ndi bungwe la SAQA. Kwa wa Pass makomo amenewa ndi opapatiza, ndipo ndi bwino kumuuza zoona kusiyana n'kumusiya akulipira anthu a pa WhatsApp olonjeza malo ku Canada. Masters yochita bwino kuno kwathu ndiyo ingadzatsegule makomo akunjawo m'tsogolo.

Ndalama, ndi funso lovuta

Ngongole ya boma ya ophunzira ndi ya digiri yoyamba makamaka, ndipo thandizo la CDF ndi la ana a kusekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja. Masters nthawi zambiri munthu amadzilipirira. Banja liwerengere fizi ya zaka zonse ziwiri, mayendedwe, mabandulo, kusindikiza ndi ndalama ya kafukufuku lisanavomere. Chilimba chingathandize. Kaloba ayi, ndipo pepala la nyumba lisachoke m'sutikesi. Ophunzira ambiri amasiyira panjira chifukwa cha fizi ya chaka chachiwiri, osati chifukwa cha nzeru.

N'chifukwa chake ndifunsa funso limene ana sakonda: kodi Masters ikufunika chaka chino? Ena akuifuna chifukwa ntchito yasowa ndipo kukhala pakhomo kwawatopetsa. Koma m'maganizo anga, munthu wa madigiri awiri amene sanagwirepo ntchito savuta kukanidwa kuposa wa digiri imodzi amene wagwira zaka zitatu. Kwa wa Pass, kugwira ntchito poyamba kumakonza zinthu zitatu nthawi imodzi: kumamupatsa umboni umene sukulu ikufuna, kumamupatsa mutu wa kafukufuku, ndipo ngati ntchitoyo ili ndi malipiro, kumamupatsa fizi. Zaka ziwiri zimenezo si zotayika. Ngati anaphunzira social work pa digiri yoyamba, alembetse ku bungwe lawo panopa, azipita ku misonkhano yawo, chifukwa kumeneko ndi kumene amamva za malo a ntchito ndi kukumana ndi aphunzitsi amene adzawerenge fomu yake.

Akakanidwa, ndipo ena adzakanidwa ulendo woyamba, apite akafunse mwaulemu chimene chinasowa, alembe yankholo m'kabuku kaja, adzafunsirenso chaka chotsatira atakonza. Ife pakhomo tisamale pakamwa. Mawu akuti "anzako a kwa a uje anatenga Merit" amawamva kale m'mutu mwake usiku uliwonse, safunika kuwamvanso pa nsima. Ndipo nkhani ya magiredi ake si yokaipereka pagulu ngati chopempherera iye asanavomere.

Pa msonkhano wotsatira, mlembi abweretse buku latsopano la maulendo, ndipo mugwirizane amene azilemba pamene iye palibe. Mayi aliyense abwere ndi dzina la mtsikana kapena mnyamata wa m'dera lake amene anamaliza digiri kapena dipuloma ndipo ali pakhomo, amene wavomera kutchulidwa. Muwagawire mabanja oti aziyendera pamodzi ndi amayi awiriawiri, musankhe mmodzi wowayang'anira, makamaka namwino kapena mphunzitsi, ndipo mupemphe abusa ndi akulu a mpingo kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi kalata yoyamba ya umboni idzalembedwe kuchokera m'bukumo.